Bambo anga anamenya nkhondo ku Burma: mbiri yawo ya usilikali ndingaipeze kuti?

Funso: Bambo anga anamwalira mu 1988 kwathu ku Ntcheu. Ankatiuza kuti anali msilikali wa Keyala ndipo anakafika ku Bama pa nkhondo ya Hitila, koma zambiri sankanena. Anatisiyira mamendulo atatu opanda dzina ndi chithunzi chimodzi atavala yunifolomu. Mwana wanga amene ali ku Britain analembera ofesi ina yosunga mbiri ya asilikali kumeneko, koma anamuyankha kuti dzina la bambo mulibe. Kodi ankangotinamiza? Ngati sankanama, tiyambire pati? Ena akutiuza kuti pali ndalama zawo zimene zinatsalira kwa Angerezi. Ndine mayi wa ku Ntcheu.

Yankho: Mayi, mtima ukhale m'malo. Kalata imene mwana wanu analandirayo sikutanthauza kuti bambo ankanama. Anagogoda pakhomo lolakwika, ndipo mwina anatchulanso dzina limene a Keyala sankawadziwa nalo. Mafaelo a asilikali amene ali ku Britain, omwe kuyambira mu 2021 akhala akuwasamutsa ku unduna wa zachitetezo kupita ku The National Archives ku Kew, ndi a anthu amene analembedwa usilikali m'gulu lankhondo la Britain lenilenilo. Mzungu amene ankalamula bambo anu faelo yake ili kumeneko. Koma msilikali wakuda wa King's African Rifles, mwachidule KAR, imene makolo athu ankaitchula kuti Keyala, ankalembedwa kuno ku Africa, mapepala ake ankasungidwa kuno, ndipo maiko atalandira ufulu mapepalawo anatsala m'manja mwa maboma atsopano. Ena anasungidwa bwino, ena anadyedwa ndi chiswe, ena anasowa posamuka. Choncho ndikuuzeni poyera: mwina faelo ya bambo simudzaigwira m'manja. Koma njira imene anayenda, mwezi ndi mwezi, nthawi zina tsiku ndi tsiku, ingapezeke, ndipo chotsegulira chake si dzina ayi. Ndi nambala yawo ya usilikali ndi batalioni imene anali, kutanthauza gulu la asilikali mazana angapo lodziwika ndi nambala yake.

Nambalayo poyambira kuifuna ndi m'nyumba mwanu momwemo. Tsegulani sutikesi kapena bokosi lachitsulo limene munali mamendulowo, mukutumule kalikonse. Mukufuna kalata imene ankapatsidwa potuluka usilikali, kabuku kakang'ono ka malipiro, tizitsulo kapena timabaji tovala m'khosi, chitupa chakale, lisiti la msonkho, ngakhale envulopu yong'ambika. Tembenuzani chithunzicho muone kumbuyo. Yang'anani pachikuto cha Baibulo kapena buku la nyimbo, chifukwa akuluakulu ambiri ankalemba nambala yawo pamenepo. Yang'ananinso pa supuni, pa lamba, pa chivindikiro cha bokosilo: msilikali ankadinda nambala pa katundu wake kuti anzake asamusinthire. Manambala ambiri a asilikali olembedwa ku Nyasaland amayamba ndi zilembo DN kenako n'kutsatira mawerengero. Mukaona zoterozo, zikopereni ndendende m'mene zalembedwera.

Ngati papepala palibe, funsani anthu. Msilikali nambala yake sankaiiwala, chifukwa ndiyo ankaitanidwa nayo pa perete ndi pa tebulo la malipiro kwa zaka zisanu kapena zisanu ndi chimodzi. Ndakumanapo ndi agogo amene chaka chimene anabadwa sankachidziwa, mayina a zidzukulu ankasokoneza, koma kuwafunsa nambala ankaimirira chilili n'kuitchula m'Chingerezi osaphonya. Ambiri ankaitchula akakhuta mowa kapena akakwiya, ndipo ana amene ankawaseka nthawi imeneyo lero amaikumbukira ngati nyimbo. Afunseni achimwene anu aakulu, azakhali ngati alipo, ndi anzawo a bambo a kumpingo. Safunsa anadya phula. Ndipo pitani msanga, pakuti anthu amene anawamva akulankhula akutha.

Nkhani ya dzina ndiyo imasokoneza mabanja ambiri. Kalaliki wolemba asilikali ankafuna dzina la munthu ndi dzina la bambo ake, osati mfunda kapena chiwongo. Munthu amene inu mumamudziwa ndi dzina la ubatizo ndi mfunda wa Chingoni akhoza kukhala m'kaundula ndi dzina laubwana lotsatana ndi dzina la bambo ake kapena la malume ake. Ena ankasintha dala dzina chifukwa athawa kwawo osatsanzika, ena ankalowa m'malo mwa mbale wawo amene mfumu inamusankha, ena anabatizidwa ali kale kunkhondo n'kubwerako ndi dzina latsopano. Amene anachokera ku Mozambique ankatchula mudzi wa ku Mulanje kapena ku Ntcheu kuti awalembe. Kuwonjezera apo, wolembayo ankalemba m'mene khutu lake lamvera: L ndi R ankasinthanasinthana, Jemusi ankasanduka James, Saidi pena Saide pena Syed. Tsono lembani pa pepala mayina onse amene bambo anaitanidwapo, dzina la agogo anu aamuna, la malume awo, la nyakwawa ndi la mfumu yaikulu ya nthawi imeneyo. M'mapepala a atsamunda munthu ankadziwika ndi mudzi, mfumu ndi boma, ndipo maboma ankalembedwa mwakale: Ntcheu ndi Ncheu, Mangochi ndi Fort Johnston, Nsanje ndi Port Herald, Mchinji ndi Fort Manning, Nkhotakota ndi Kota Kota, Thyolo ndi Cholo. Mukafufuza pa kompyuta ndi kalembedwe ka lero, simupeza kanthu ngakhale pepalalo lilipo.

Tsopano mamendulo atatu aja. Kusalembedwa dzina si chizindikiro choti ndi abodza. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse Angerezi anapereka mamendulo a nkhondoyo opanda mayina, kwa azungu ndi akuda omwe. Koma amalankhulabe. Amene ali ngati nyenyezi ya nsonga zisanu ndi imodzi ali ndi mawu ozungulira pakati, ndipo mawuwo ndiwo akuuzeni kumene munthu anamenyera. The 1939-1945 Star ili ndi kansalu ka mizere itatu yofanana: wabuluu wakuda, wofiira, ndi wabuluu wowala. The Africa Star kansalu kake n'kofanana ndi mchenga, mzere wofiira pakati, ndipo kwa asilikali athu imasonyeza amene anamenyana ndi Ataliyana ku Somaliland ndi ku Abyssinia, kumene lero ndi ku Ethiopia, pakati pa Juni 1940 ndi Novembala 1941, kapena amene anatumizidwa kumpoto kwa Africa. The Burma Star ili ndi kansalu kabuluu, pakati pofiira, ndi timizere tachikasu chofiirira. Yozungulira yooneka ngati siliva, ya mkango utaponda chilombo, ndi War Medal. Ina yozungulira, ya kansalu kobiriwira m'mbali, ndi Defence Medal. Munthu amene analowa usilikali cha m'ma 1942 kapena 1943 n'kukamenya ku Burma kawirikawiri amakhala ndi 1939-1945 Star, Burma Star ndi War Medal. Atatu ndendende. Ngati anuwo ndi amenewa, nkhani ya bambo yayamba kale kugwirizana. Ngati pali Africa Star, kawirikawiri ndiye kuti analowa usilikali nkhondo itangoyamba kapena isanayambe.

Pendaninso m'mphepete mwa mendulo yozungulira iliyonse, m'mbali mopyapyalamo. Mamendulo a kulimba mtima, monga Military Medal, ankazokotedwa nambala, udindo, dzina ndi gulu. N'chimodzimodzi General Service Medal yokhala ndi kachitsulo kolembedwa Malaya, imene analandira asilikali a 1 KAR amene anapita ku Malaya mu 1952 ndi a 2 KAR amene anakawalowa m'malo. Ndatchula za Malaya dala. Mabanja ambiri amasakaniza nkhondo ziwirizi, chifukwa konseko ndi kutsidya la nyanja, konseko nkhalango ndi mvula. Bambo amene anabadwa cha m'ma 1930 sakanakamenya ku Burma, koma ku Malaya akanatha. Chaka chobadwa, ngakhale chongoyerekeza ndi zochitika za m'mudzi, chimathandiza kusiyanitsa. Chinthu china: musawakweche mamendulowo ndi mchenga kapena phulusa kuti awale, ndipo tinsaluto musatisinthe ngakhale titasuluka.

Chithunzicho chijambuleni ndi foni pamalo owala, kenako muchikulitse. Yang'anani chipewa, mapewa ndi mikono. Baji ya Keyala inali lipenga, ndipo nambala ya batalioni imatha kuoneka pachipewa kapena paphewa. Mizere ya pamkono ikuuzani udindo: umodzi lansi kopolo, iwiri kopolo, itatu sajeni. Mukaona kansalu kojambulidwa mutu wa chipembere, chimenecho chinali chizindikiro cha 11th East African Division, gulu lalikulu limene linakamenya ku Burma mu 1944.

Koma pano ndikuchenjezeni. Kwathu kuno aliyense wovala yunifolomu ya nkhondo ija ankatchedwa wa Keyala, pamene ambiri sanali m'mabatalioni a KAR. Anyamata amene anapitako kusukulu za mishoni ankatengedwa kukhala madalaivala a East African Army Service Corps, ena othandiza m'zipatala, ena a mawailesi ndi mauthenga, ena a mizinga, ena omanga milatho, ena ogwira ntchito ya manja m'magulu a Pioneer. Ngati bambo anabwerako akudziwa kuyendetsa lole kapena kubaya jekeseni, musaumirire kuwafuna m'batalioni ya oyenda pansi. Komanso amene nkhondo inawapeza ali pa ulendo wa ntchito analowera komweko. Wa ku Halale ankalowa Rhodesian African Rifles, imene inakhazikitsidwa mu 1940. Wa ku Northern Rhodesia, makamaka cha ku Fort Jameson kumene lero ndi ku Chipata, ankalowa Northern Rhodesia Regiment. Wa ku Joni ankalowa Native Military Corps, ndipo amenewa ndiwo amwayi pa kafukufuku, chifukwa South Africa inasunga makadi a asilikali ake ku nkhokwe ya mapepala ya unduna wa zachitetezo ku Irene, kufupi ndi Pretoria, ndipo mamendulo ake inkalemba nambala ndi dzina.

Tiyerekeze kuti bambo analidi wa KAR. Gululi linakhazikitsidwa mu 1902, ndipo mabatalioni a ku Nyasaland anali loyamba ndi lachiwiri, kwawo ku Zomba kumene lero kuli Cobbe Barracks. Lachitatu ndi lachisanu anali a ku Kenya, lachinayi la ku Uganda, lachisanu ndi chimodzi la ku Tanganyika. Nkhondo itakula mabatalioni anabereka ena, ndipo manambala anasintha pakati pa nkhondo. Batalioni imene mu 1941 inkalembedwa 2/2 KAR ndi yomweyo imene ku Burma inkalembedwa 22 KAR. Amene sadziwa zimenezi amataya mkondo wa munthu wake pakatikati, n'kumaganiza kuti gulu lake linatha.

Tsono tengani mayina a malo amene bambo ankatchula, ngakhale mokhotakhota, muwayale pa ulendo uwu. Mu Julayi 1940 asilikali a 1/1 KAR, imene pambuyo pake inkangolembedwa 1 KAR, anatchinga Ataliyana pa Moyale, m'malire a Kenya ndi Ethiopia, ndipo ndiko kunachokera dzina la Moyale Barracks ku Mzuzu. Mu Ogasiti chaka chomwecho batalioni yachiwiri ya ku Nyasaland inali pa Tug Argan ku British Somaliland, kumene Angerezi anagonja n'kuthawira panyanja kudzera pa Berbera. Mu 1941 zinthu zinatembenuka: Addis Ababa inalandidwa mu Epulo, ndipo Ataliyana omaliza anagonja pa Gondar pa 27 Novembala, asilikali a 2/2 KAR ali pomwepo. Mu Sepitembala 1942 a 1/1 KAR anatsikira pa Majunga ku Madagascar kukamenyana ndi Afalansa a boma la Vichy, limene linkagwirizana ndi Hitila, ndipo nkhondo imeneyo inatha mu Novembala. Kuyambira mu 1943 asilikali anayamba kuwoloka kuchokera ku Mombasa kupita ku Ceylon, kumene lero ndi ku Sri Lanka, kukaphunzira nkhondo ya m'nkhalango. Munthu akamatchula Colombo, ndi nthawi imeneyi.

Ku Burma kunali njira ziwiri, ndipo kuzisiyanitsa kukupulumutsani ntchito yambiri. Gulu lalikulu, la chipembere lija, lotsogozedwa ndi Major-General Charles Fowkes pansi pa Fourteenth Army ya General William Slim, linalowa m'chigwa cha Kabaw mu Ogasiti 1944, m'kati mwenimweni mwa dzinja la kumeneko. Munali 2 KAR ndi 22 KAR a ku Nyasaland, pamodzi ndi mabatalioni a ku Kenya, Uganda, Tanganyika ndi Northern Rhodesia. Anatsika chigwacho akukankha Ajapani, misewu itasanduka phala, chakudya chikuponyedwa ndi ndege, malungo ndi matenda ena akugwetsa anthu ambiri, mpaka anafika pa Kalewa m'mphepete mwa mtsinje wa Chindwin kumayambiriro kwa Disembala. Atachoka kumeneko anakapuma ku India, ndipo nkhondo inatha ambiri ali cha ku Ranchi. Njira yachiwiri inali ya ku Arakan, m'mbali mwa nyanja, kumene 1 KAR inali mu 22nd East African Brigade pamodzi ndi Rhodesian African Rifles. Choncho ngati bambo ankatchula Chindwin, Tamu kapena Kalewa, afuneni ku 2 KAR kapena 22 KAR poyamba. Ngati ankasimba za Madagascar kenako za mitsinje ya madzi amchere ndi anzawo a ku Halale, yambani ndi 1 KAR.

Mukadziwa batalioni, apa ndi pamene mwana wanu wa ku Britain akhale wothandiza, ndipo ulendo uno apite yekha ku Kew, kumadzulo kwa London, osalemba kalata. Gulu lililonse lankhondo linkalemba buku la zochitika tsiku ndi tsiku, lotchedwa war diary. Mabuku a nkhondo ya ku East Africa ali m'gulu la mapepala lotchedwa WO 169, a ku Madagascar mu WO 174, a ku Ceylon, India ndi Burma mu WO 172. Ayambe wafufuza pa intaneti m'kaundula wawo wotchedwa Discovery, polemba nambala ya batalioni ndi mawu oti King's African Rifles, kuti apeze manambala a mafaelo. Kulowa n'kwaulere. Amangofunika kadi yowerengera imene amapereka akaona zitupa, ndipo amaloledwa kujambula masamba ndi foni. Tsiku limodzi lokha akhoza kujambula chaka chathunthu cha batalioni.

Musayembekezere zambiri pa mayina. Mabukuwa ankalembedwa ndi ofisala wachizungu, ndipo mzungu akavulala chala amatchulidwa dzina, pamene asilikali akuda asanu akafa amangolembedwa chiwerengero chawo ndi zilembo zachidule zotanthauza asilikali a Chiafirika. Zimapweteka kuwerenga, ndipo ine sindinazolowerebe. Komabe musanyoze mabukuwa. Amanena tsiku limene ananyamuka pa kampu, sitima imene anakwera, mtunda umene anayenda, phiri limene analanda, mvula, kuchedwa kwa chakudya, tsiku limene makalata ochokera kumudzi anafika. Ndipo kumapeto kwa mwezi uliwonse kumakhala mapepala omatidwa: malamulo a batalioni, malipoti a olondera, nthawi zina mndandanda wa ovulala wokhala ndi manambala. Muuzeni mwana wanu asadumphe mapepala akumbuyowo pofuna kufulumira. Kumeneko n'kumene nambala ya DN imatulukira mwadzidzidzi. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Pamene msilikali wakuda amatchulidwa bwino, ndi nkhani yake yonse, ndi pamene anapatsidwa mendulo ya kulimba mtima. Makalata opempha mamendulo amenewa ali mu WO 373, amafufuzika ndi dzina kapena nambala pa intaneti, ndipo amasimba chimene munthuyo anachita, pati, tsiku liti. Ngakhale bambo asakhalemo, werengani a anzawo a m'batalioni yomweyo, chifukwa akusimba nkhondo imene bambo anaiona ndi maso. Ngati pa kansalu ka War Medal pali katsamba kachitsulo, ndiye kuti anatchulidwa m'malipoti a akuluakulu ankhondo, ndipo dzina lawo liyenera kupezeka mu London Gazette, nyuzipepala ya zilengezo za boma la Britain, imenenso ili pa intaneti mwaulere. Buku limene ofufuza za Keyala amayambira ndi la H. Moyse-Bartlett, lotuluka mu 1956, lotchedwa The King's African Rifles. Ndi buku la msilikali wachizungu lolembera azungu anzake, koma pa masiku, malo ndi kayendedwe ka mabatalioni ndi lodalirika. Ku Imperial War Museum ku London kuli zithunzi ndi mafilimu a asilikali a ku East Africa ali ku Burma, zambiri zoonetsedwa pa intaneti, ndipo kuli bungwe la King's African Rifles and East African Forces Association limene mamembala ake, ambiri ana a maofisala akale, amayankha mafunso ndipo ena ali ndi zithunzi zolembedwa mayina kumbuyo.

Kuno kumudzi malo ogogoda ndi atatu. Ku National Archives of Malawi ku Zomba kuli mafaelo a boma la atsamunda ndi a ma DC. Kulemba asilikali kunkadzera kwa DC ndi mafumu, ndalama zimene msilikali ankatumizira mkazi wake kapena mayi ake zinkalandiridwa pa boma, ndipo obwera kunkhondo ankadandaula kwa DC yemweyo za malipiro, ntchito ndi msonkho. Pemphani mafaelo a boma la Ncheu a zaka za 1939 mpaka 1947, ndipo konzekerani kukhala masiku angapo, chifukwa palibe amene anasanja mayina a asilikali m'mafaelo amenewo. Kachiwiri, lemberani a Malawi Defence Force, kulikulu lawo ku Kamuzu Barracks ku Lilongwe, ndipo mukapita ku Zomba mukafunsenso ku Cobbe Barracks, kumene kuli nsanja ya chikumbutso cha Keyala ndi nyumba zosungirako asilikali okalamba. Kachitatu, bungwe la asilikali opuma la VELOM, limene limaoneka kwambiri mu Novembala pa nthawi yogulitsa maluwa ofiira a chikumbutso. Ngati bambo analembetsapo kuti azilandira thandizo la asilikali akale, ankayenera kupereka nambala yawo, ndipo mwina inatsala m'kaundula. Laibulale ya Society of Malawi ku Mandala House ku Blantyre ilinso ndi mabuku, zithunzi ndi magazini okhudza KAR.

Kumbukirani kuti mapepala ankatsata batalioni. Pa nthawi ya Chitaganya, kuyambira 1953 mpaka 1963, mabatalioni a ku Nyasaland ankalamulidwa kuchokera ku Salisbury, kumene lero ndi ku Harare. Chitaganya chitatha, 1 KAR inakhala Malawi Rifles mu 1964, koma 2 KAR inapita ku Northern Rhodesia n'kukhala mbali ya gulu lankhondo la Zambia. Ngati bambo anapitiriza usilikali nkhondo itatha, ku Harare ndi ku Lusaka ndi malo oyenera kulemberako. Kwa amene akufufuza agogo a nkhondo yoyamba, ya Chiwaya, ya 1914 mpaka 1918, njira ndi ina pang'ono: moto unatentha maofesi a boma ku Zomba mu 1919 n'kuwononga mapepala ambiri, koma mamendulo a nkhondo imeneyo anali olembedwa mayina, ndipo ku Kew kuli makaundula a mamendulo. Amtengatenga, amene ananyamula katundu wa nkhondoyo pamutu n'kufa ambirimbiri m'njira, ndiwo ovuta koposa kuwapeza.

Inu bambo anu anabwerako, koma owerenga ena makolo awo anatsala komweko. Amenewa ayambire pa tsamba la intaneti la Commonwealth War Graves Commission, laulere, lofufuzika ndi dzina, nambala kapena gulu. Omwalira ku Burma ambiri ali ku manda a Taukkyan kufupi ndi Yangon, ndipo opanda manda odziwika mayina awo ali pa Rangoon Memorial pamalo omwewo. Ena ali pa East Africa Memorial ku Nairobi, kuphatikizapo asilikali a mizinga amene anamira pa 12 Febuluwale 1944, pamene sitima ya Khedive Ismail inaphulitsidwa ndi sitima ya pansi pa madzi ya Ajapani kufupi ndi zilumba za Maldives, n'kupha anthu 1,297. Mu 2021 bungweli linavomera poyera kuti Afirika ambiri, makamaka a nkhondo yoyamba, sanakumbukiridwe ndi mayina monga anachitira ndi azungu, ndipo likulandira umboni wochokera kwa mabanja. Inunso tsambali lingakuthandizeni mwanjira ina: ngati bambo ankatchula mnzawo amene anafera pafupi nawo, mufufuzeni. Pamene pali dzina lake pamakhala nambala, tsiku la imfa, ndipo kawirikawiri batalioni. Batalioni ya mnzawoyo ndiyo ya bambo.

Za ndalama, ndiyankhe mosabisa. N'zoona kuti asilikali akuda anapunjidwa. Pepala la boma la Britain la mu 1945, limene linaululika mu 2019, limasonyeza kuti ndalama yothokoza potuluka usilikali inali masheleni 10 pa mwezi uliwonse umene msilikali wamba wachizungu anagwira, pamene wakuda wa ku East Africa wa udindo womwewo ankawerengeredwa masheleni 3 ndi theka. Nkhaniyi inakambidwa mpaka ku nyumba ya malamulo ya ku Britain. Koma thumba la ndalama zodikira ana a asilikali kulibe. Thandizo limene limabwera kudzera ku Royal Commonwealth Ex-Services League ndi la asilikali amoyo ndi amayi amasiye amene ali pa umphawi, osati cholowa cha ana ndi zidzukulu. Munthu akabwera m'mudzi ndi mafomu, n'kumati perekani kangachepe tikulembetseni pa chipukuta misozi cha Keyala, kapena akapempha kutenga mamendulo kuti akawaonetse kwa akuluakulu, m'kanizeni. Mamendulo amagulitsidwa kwa osonkhanitsa zakale, ndipo akachoka m'nyumba sabwerera. Kulikonse kumene mukupita, perekani chithunzi chake, enieniwo atsale.

Kalata imene mulembere maofesi onsewa ikhale yaifupi, tsamba limodzi: mayina onse a bambo ndi kalembedwe kake kosiyanasiyana, dzina la bambo awo, mudzi, nyakwawa, mfumu yaikulu, boma m'dzina lakale ndi latsopano, zaka zoyerekeza zimene analowa ndi kutuluka, nambala ngati yapezeka, zithunzi za mamendulo mbali zonse ziwiri, ndi umboni woti ndinu mwana wawo. Mbiri ya banja lonse musaikemo. Gulani kope limodzi lolembamo chilichonse chimene mwapeza, ndipo pambali pa mfundo iliyonse muzilemba kumene yachokera, kaya ndi kwa azakhali, kaya pa mendulo, kaya mu faelo nambala yakutiyakuti. Pakapita miyezi mudzaiwala chimene munamva ndi chimene munawerenga, ndipo zidzukulu zidzatenga zongoganizira ngati zoona.

Mwanena kuti bambo zambiri sankanena. Ambiri obwera ku Kabaw anali otero. Ankasimba za mpunga, za njovu zonyamula mitengo, za kusanza m'sitima, koma za anzawo amene anawakwirira m'matope ayi. Mabuku a ku Kew akadzafika pa foni yanu mudzapezamo masiku amene iwo ankawadumpha posimba, ndipo ena ndi olemera kuwerenga. Muwerenge muli ndi abale anu, wina azimasulira m'Chichewa, chifukwa pakati pa kuwerengako wina adzakumbukira mawu amene bambo ananenapo pamoto zaka makumi anayi zapitazo, n'kupeza kuti akugwera pa tsiku lenileni. Sabata ino yambani ndi bokosi lija, muwerenge mawu ozungulira pa nyenyezizo. Mukapeza nambala kapena dzina la malo ngakhale limodzi, ndilembereninso, tidzaone batalioni yoyenera kuitanitsa mabuku ake.